Chilichonse chimagwa pansi: mmene mungapangire magemu a ana osagula zida

Anzanga amene mumayang'anira masewera a ana, kaya ku sukulu, ku Sande sukulu, ku CBCC (malo a m'dera osamalirako ana a mkombaphala) kapena ku kalabu ya achinyamata kudera kwanu, vuto lathu ndi limodzi, ana 40 mpira umodzi, ndipo masiku ena olo mpirawo umakhala waphulika. Nde ndati ndilembe mmene ndimapangira magemu atsopano ndi chinthu choti sichigulidwa ndipo chili paliponse, mphamvu ija ya dziko imene imakokera zinthu pansi, aphunzitsi a sayansi amati gravity. Ku Area 25 iliko, ku Chinsapo iliko, ku Bingu Stadium ndi yomweyomweyo. Makolo athu anayamba kalekale kuigwiritsa ntchito, taganizirani phada, jingo, katungwe, zonsezi pakanapanda iyo bwenzi kulibe. Chimene ndikufuna ine n'choti tiziigwiritsa ntchito mwadala, tikudziwa pogwira gemu ikavutitsitsa kapena ikaphweketsa. Ndipo mfundo yanga kuyambira pano mpaka kumapeto ndi imodzi, m'mwamba muzipita zinthu, ana azikhala chapansi.

Musanaganize za gemu iliyonse, yambani mwayenda pamalo panupo. Yendani nokha, opanda ana. Lilongwe ndi wa see malo ambiri koma palibe giraundi yopanda kotsetsereka, ndipo njira yophweka yodziwira ndi kupitapo mvula itangokata n'kuona kumene madzi akulowera, kapena ngati ndi chilimwe ikani mpira pansi muone kumene uyambe kugubudukira. Onani mitengo imene ili ndi nthambi yaikulu yopingasa, onani ngati pali chulu, khoma la kalasi, pena pali mchenga. Onaninso zoopsa, zitsa, miyala, mabotolo osweka, msewu kumene kumadutsa maminibasi ndi akabaza, komanso maenje aja oumbiramo njerwa amene ali mbwee m'madera athu ndipo nthawi ya dzinja amadzaza madzi. Malo oyandikira dzenje lotere asiyeni, olo atakhala okongola bwanji.

Mukatero sankhani ntchito imene mukufuna gravity igwire mu gemu yanuyo. Ikhoza kukhala wotchi yowerengera nthawi, ikhoza kukhala mdani amene ana akulimbana naye, kapena ikhoza kumakankha chinthu m'malo mwa munthu. Sankhani imodzi kaye. Mukaphatikiza zonse tsiku loyamba malamulo amachuluka ndipo ana amatopa kumvetsera asanathamange n'komwe.

Ndiyambe ndi ya wotchi chifukwa ndi imene ndimaikonda kwambiri komanso ana amaimva msanga popeza amaidziwa kale ku phada. Ku phada mwala ukakhala m'mwamba ndi pamene uli ndi nthawi yotulutsa kapena kulowetsa timiyala pa kadzenje, ukatsika nthawi yatha, palibe wofunika kuimba wezulo komanso palibe wokangana ndi lefa chifukwa aliyense waona ndi maso ake kuti mwala wagwa. Tingotenga nzeru yomweyo n'kuikulitsa kuti m'malo mwa dzanja lokha thupi lonse lizithamanga. Pangani mpira wa chikulunga wokulirapo, jambulani mizere iwiri pansi, ana aime pa mzere umodzi. Mmodzi aponye mpira m'mwamba, anzake athamange kukagunda mzere winawo n'kubwerera kapena kukatola zitsononkho zimene mwamwaza pakati, mpira ukagunda pansi kapena ukawakhidwa aliyense aime pomwe ali. Amene sanafike, timu yake siipeza kanthu pa ulendo umenewo.

Apa mpofunika manambala pang'ono, musawaope. Chinthu chikamagwa, sekondi iliyonse liwiro lake limawonjezereka ndi mamita 9.8 pa sekondi, nde chimayamba mwaulesi kenako n'kumathamangirathamangira. Zotsatira zake n'zoti mpira umene wakwera mita imodzi ndi kota kuchokera pa dzanja umakhala m'mwamba sekondi imodzi yokha, kupita ndi kubwera. Kuti mupeze masekondi awiri ukuyenera kukwera pafupifupi mamita 5. Masekondi atatu ndi mamita 11, anayi ndi pafupifupi mamita 20, ndipo pamenepo ndi munthu wamkulu wa dzanja lamphamvu. Mwaona eti, kuti nthawi iwirikize kawiri kutalika kukuyenera kuwirikiza kanayi. Anthu ambiri amalakwitsa pamenepa, amaika mizere patali kwambiri poganiza kuti mwana akalimbikira kuponya apeza nthawi yambiri, pamene zoona zake n'zoti ana a pulayimale amakhala ndi masekondi awiri kapena kucheperapo. Nde mtunda wake ukhale waufupi, masitepe anayi kapena asanu, osati theka la giraundi. Gemu imakoma chifukwa choibwereza mofulumira kambirimbiri.

Pali kanthu kena kofunika kukaganizira, woponyayo ndi wa timu iti? Akakhala wa timu imene ikuthamanga, aziponya m'mwamba ndi mphamvu zake zonse, ndipo kuti asamangoponya chiponyeponye ikani lamulo loti akuyenera kuuwakha yekha asanatuluke mu kabwalo kamene mwamujambulira, akaugwetsa zonse zimene anzake atola zabwerera. Pamenepo mwanayo ali ndi chosankha chenicheni, kuponya patali kuti anzake apeze nthawi koma kuwakha kwake kovuta, kapena kuponya pafupi mosavutika koma nthawi yochepa. Muwaone mmene amakambirana okhaokha, zimasangalatsa heve. Koma akakhala wa timu inayo aziponya chapansipansi dala kuti adani asafike, nde mangani chingwe pakati pa mitengo iwiri kapena lozani nthambi inayake n'kunena kuti mpira ukapanda kudutsa apo sitiwerenga.

Kwa ana aang'ono a mkombaphala masekondi awiri ndi ochepa kwambiri, apa gwiritsani ntchito mpweya. Mwala waukulu ndi waung'ono mukaigwetsa limodzi imafika pansi limodzi, kulemera sikusintha kanthu, koma zinthu zopepuka zotambalala monga jumbo, mpango, nthenga kapena chibaluni zimachedwa chifukwa mpweya ukuzitchinga. Mu 1971 David Scott wa ulendo wa Apollo 15 anagwetsa hamala ndi nthenga ali pa mwezi, kumene kulibe mpweya, ndipo zinafika pansi nthawi imodzi. Kuno mpweya tili nawo nde tiugwiritse ntchito. Mponyereni mwana kansalu kopepuka kapena jumbo yotambasula, aombe m'manja kawiri kapena azungulire kamodzi asanakawakhe. Akazolowera, mangani kamfundo pa kansaluko kuti kazigwa msangako, kenako mfundo ziwiri, kenako chikulunga. Chokhacho miyezi ya Ogasiti ndi Seputembala kumakhala mphepo ndi akamvuluvulu, jumbo imangouluka kupita kwa aneba, nde masiku amenewo pangirani kuseri kwa khoma kapena m'kalasi. Mukamaliza tolani majumbowo, mbuzi zimadya.

Ina ya wotchi yomweyi imene imafuna ndodo zokha. Ana aime mozungulira, aliyense aimike ndodo yake pansi ataigwira ndi chala kumutu. Wezulo ikalira aliyense asiye yake n'kuthamangira kukagwira ya mnzake wa kumanja isanagwe. Ndodo yaitali imachedwa kugwa kuposa yaifupi, choncho yambani ndi nsungwi kapena mapesi aatali ofika m'mapewa, ndipo mukafuna kuti ivute muli ndi njira ziwiri, kufupikitsa ndodo kapena kuuza aliyense abwerere m'mbuyo sitepe imodzi kuti bwalo likule. Nsonga zisakhale zosongoka chonde, maso a ana ali pafupi.

Tsopano ya chingwe, imene imafuna kukonzekera kwambiri kuposa zonse. Ndi katungwe yemweyo koma m'malo moti pakwere mwana timangirirapo katundu wofewa, ana n'kumadutsa m'njira yake momuzemba ngati ku fulaye. Ubwino wake n'ngoti katunduyo satopa, sakondera, ndipo salimbana ndi mwana mmodzi yekhayekha ngati mmene amachitira oponya fulaye akakhala kuti anayambana kunyumba.

Sankhani nthambi yamoyo, yonenepa kuposa ntchafu ya munthu wamkulu, ya mtengo wolimba ngati mango wokhwima. Papaya ayi, nthambi youma ayi. Ponyani chingwe, mangani, kenako inuyo akuluakulu lendewerani kaye ndi thupi lanu lonse kangapo mapazi ali pafupi ndi pansi. Olo katundu wake ndi wopepuka, dziwani kuti mukangotembenuka pali mwana amene akweretu pamenepo, nde chingwe ndi nthambi zikhale zoti zingamunyamule. Katundu wake tengani thumba la feteleza lochapa bwino, ikanimo masanza, makoko a chimanga kapena majumbo ambiri, pakati penipeni ikanipo botolo lapulasitiki la theka la lita lodzaza madzi kuti lilemereko, ndiye kuti theka la kilo poti lita imodzi ya madzi ndi kilo imodzi. Musaike mwala, njerwa kapena chigubu chodzaza. Thumba limene mwalikoka mpaka lakwera mita imodzi, likamafika pakati limakhala pa liwiro lofanana ndi chinthu chimene chagwa kuchokera mita imodzi, nde likhale loti likakugunda pamsana ungoseka. Lilendewere pa msinkhu wa m'chiuno mwa ana, osati kumaso.

Chosangalatsa n'choti nthawi imene thumba limatenga kupita ndi kubwera imadalira kutalika kwa chingwe basi, kulemera kwake sikusintha. Galileo Galilei wa ku Italy, amene anabadwa mu 1564, ndi amene anafufuza zimenezi, ndipo pambuyo pake anthu anapangira mawotchi nzeru yomweyo. Chingwe cha mita imodzi ndi masekondi awiri kupita ndi kubwera, cha mamita awiri ndi kota ndi masekondi atatu, cha mamita anayi ndi masekondi anayi. Muziyeza kuchokera pa nthambi kufika pakati pa thumba. Ndiye kuti ana aang'ono apatseni chingwe chachitali, chimayenda modekha ndipo mwana amatha kuwerenga n'kudziwa nthawi yodutsa, akuluakulu apatseni chachifupi. Ngati muli ndi nthambi yaitali kapena mitengo yondondozana, mangani zingwe zitatu zosiyana kutalika mu mzere umodzi. Poti chilichonse chili ndi nthawi yake, mpata wodutsira umasinthasintha ndipo mwana sangaloweze pamtima, akuyenera kuima, kuyang'ana, kenako kuthamanga. Pakati pa zingwezo siyani malo oti mwana n'kuimapo osagundidwa.

Lamulo la wogwira thumba ndi loti amangolisiya, osalikankha. Jambulani mzere pamene aziima. Thumba losiyidwa chabe silingabwerere kupitirira pamene linachokera, choncho amene waima kumbuyo kwa mzerewo sangagundidwe, koma likakankhidwa limabwera mopitirira. Ntchito imeneyi muzisinthanitsa, komanso ndi malo abwino kwa mwana amene sangathe kuthamanga, chifukwa iyeyo ndi amene akusankha nthawi yosiya nde ali mu gemu ndithu osati kungoonerera pambali. Mukafuna kuwonjezera, odutsawo asenze kanthu pamutu, kabeseni ka zitsononkho kapena kapu yapulasitiki ya madzi pa nkhata. Atsikana ambiri apa amawapambana anyamata kutalitali ndipo zimathandiza kuti asamangopambana othamanga kwambiri okhaokha.

Ya mdani tsopano. Tengani chigubu cha malita 5, dulani kumutu, boolani kabowo kamodzi chapansi ndi msomali wotentha, jambulani mzere pakati ndi makala kapena mangani kachingwe. Chiikeni pa mpando kapena chipachikeni, pansi pake ikani beseni. Timu iliyonse ili ndi chigubu chake ndi makapu awiri, madzi otunga ali patali masitepe 15, ntchito ndi yoti madzi asatsike kupitirira mzere mpaka nthawi ithe. Mdani wake sapuma, mukangoima kukangana madzi akutsika. Madzi amatuluka mwamphamvu chigubu chikadzaza ndipo amafooka akamatsika, choncho mzere ukakhala m'mwamba gemu imavuta, ukakhala chapansi imaphweka, nde simukufunika kuboola mabowo ena, ingosunthani mzere. Mu Okutobala kukutentha ana amaikonda kwambiri imeneyi koma ndi nthawi yomweyonso imene madzi amavuta m'makiyosiki, n'chifukwa chake ndikuti beseni pansi, madzi omwewo azizungulira ndipo pomaliza akathirire mitengo. Kukakhala kulibiretu madzi, mchenga wouma wosefa umagwira ntchito, bowo likhale lokulirapo komanso pansi penipeni. Mchenga umatuluka pa liwiro limodzimodzi olo chigubu chidzaze kapena chitsale pang'ono, nde ndi wabwinonso kuyezera nthawi ya magemu ena ngati simukufuna kutulutsa foni.

Ngati pamalo panu mwapeza potsetsereka, pezani tayala lakale kwa amatayala. Gemu yake ndi mpikisano wa mwana ndi tayala. Mmodzi aliimike pamwamba n'kulisiya osakankha, wina athamange pambali pake. Galileo yemwe uja anayeza mipira yogubuduka pa thabwa lopendekeka n'kupeza kuti mtunda umene chinthu chayenda mu sekondi yoyamba, mu yachiwiri chimayenda katatu kake, mu yachitatu kasanu. Ndiye kuti poyamba mwana amalisiya tayala kutali, koma malo akakhala otsetsereka mokwanira komanso aatali tayala limamupeza. Ntchito yanu ndi kupeza pamene awiriwa amafika pafupifupi limodzi n'kujambula mzere womalizira pompo. Kwa ana aang'ono ukhale pafupi, kwa aakulu usunthireni kumunsi. Kumunsiko kusakhale msewu, nyumba ya munthu, mtsinje kapena ana okhala pansi, ndipo othamanga akhale pambali osati kutsogolo kwa tayala. Mwana asalowe m'kati mwa tayala n'kugubuduzidwa, zimenezo ndimakaniziratu. Kulikweza tayala kubwerera pamwamba ndi mbali ya gemu, musamalinyamule inuyo, ndi pamene miyendo imalimba. Mukasewera mpira kapena chipako pamalo opendekeka, matimu azisinthana mbali pafupipafupi, kapena ikani dala ana aakulu kumunsi kuti azikwera, aang'ono kumtunda.

Za thabwa lopendama ndingonena mwachidule. Thabwa lolimba pa chipika chachifupi chosapitirira m'mawondo mwa mwana. Chimene chimagwira ntchito ndi kulemera kuchulukitsa ndi mtunda kuchokera pakati, nde mwana wa makilo 20 atakhala mita imodzi ndi theka kuchokera pakati amafanana ndi wa makilo 30 amene wakhala mita imodzi. Auzeni ana anayi osiyana misinkhu kuti apeze pokhala mpaka thabwa liime osagunda pansi mbali zonse pamene anzawo akuwerenga mpaka 10. Potsika azitsika onse pamodzi atauzana, wina akadumphapo yekha mnzake amagwa ndi matako.

Zoponya molunjika nazo zili ndi pogwira pake. Goli la netball limakhala mamita 3.05 kuchokera pansi ndipo mkombero wake ndi masentimita 38 m'mimba mwake, n'chifukwa chake mukamaonera ma Queens, anthu ngati Mwai Kumwenda, mpira wawo umakwera kaye n'kutsikira m'golimo kuchokera pamwamba. Mpira wobwera chopingasa umapeza khomo lopapatiza, wochokera pamwamba umalipeza lonse. Kuti ana aphunzire zimenezi osawalalikira, ikani ndowa pansi n'kumanga chingwe m'mwamba pakati pa woponya ndi ndowayo, mpira udutse pamwamba pa chingwe usanalowe. Mukakweza chingwe kapena kuchisunthira pafupi ndi ndowa, kaponyedwe kamasintha kokha. Poponya patali, chinthu chimafika kutali kwambiri chikanyamuka chapakati, osati chogona osatinso choimirira, pafupifupi madigiri 45. Asiyeni azipeze okha poyesa, mukawauziratu mwawalanda chokoma.

Tsopano ndibwerere ku zoti ana azikhala chapansi, chifukwa apa mpamene mtima wanga uli. Mwana akagwa kuchokera mita imodzi amafika pansi pa liwiro la makilomita pafupifupi 16 pa ola, liwiro la wakabaza wa njinga yakapalasa amene akutchova bwinobwino, ndipo kuchokera mamita awiri ndi makilomita 22 pa ola. Dothi lathu lofiira lija mu chilimwe limauma gwa. Nde chilichonse chokwerapo, kaya chipika, matayala okwirira theka, kaya chulu, chisapitirire m'chiuno mwa mwana amene akukwerapoyo, ndipo pofikira pakhale pofewa. Kumbani pang'ono n'kuthirapo mchenga wokuya pafupifupi masentimita 30, kapena utuchi wa kwa akalipentala mutausefa kuti musakhale misomali, ndipo muziutipula kawirikawiri chifukwa ukapondedwapondedwa umalimba. Tsiku loyamba lenilenilo aphunzitseni kutera, mapazi onse awiri, kuyambira ku zala, mawondo opinda, manja kutsogolo. Mawondo akapinda thupi limaima pang'onopang'ono ndipo mphamvu imene mafupa amalandira imachepa, akakhala owongoka zonse zimathera m'mawondo ndi mumsana.

Anyamata akaonera mipikisano pa TV amafuna kudumpha chingwe chagada ngati akatswiri. Kadumphidwe kameneko anatchukitsa ndi Dick Fosbury wa ku America pamene anapambana golide ku ma Olympics a ku Mexico City mu 1968 atadumpha mamita 2.24, koma kamatheka chifukwa amagwera pa matilesi aakulu ofewa. Pa dothi kapena pa mchenga ndi kuthyola khosi, akanizeni ndithu ndipo muwauze chifukwa chake. Azidumpha choponda, mwendo umodzi kenako unzake, n'kutera ndi mapazi, ndipo chodumphacho chikhale chingwe kapena lasitiki yogwira anthu awiri momasuka kuti mwana akakodwa ingogwa, osati nsungwi yokhomerera. Dziwaninso kuti mwana amene wadumpha masentimita 30 amakhala m'mwamba theka la sekondi lokha, nde ku jingo ngati wamng'ono akukodwa pafupipafupi vuto si iyeyo, opukusa achepetse liwiro kapena atenge chingwe chachitali cholemererako chimene chimazungulira modekha.

Gemu mwaipanga, tsopano iyeseni ndi ana ochepa kaye, asanu kapena asanu ndi mmodzi, osiyana misinkhu, anyamata ndi atsikana. Musafotokoze nthawi yaitali, onetsani kamodzi n'kuwasiya ayambe. Inuyo imani pambali muziona zinthu zingapo. Kodi aliyense akumapambana nthawi zonse? Ndiye kuti yaphweka, fupikitsani chingwe, talikitsani mtunda kapena kwezani mzere wa pa chigubu. Kodi palibe amene akukwanitsa? Bwezani pang'ono. Ine ndimaona kuti yafika pabwino ngati mwana wapakatikati akumakwanitsa maulendo ena n'kumalephera ena, ndipo akalephera akumathamangira kukayesanso osachita kuuzidwa. Posintha muzisintha chinthu chimodzi pa nthawi, mukasintha chingwe ndi mtunda limodzi simudziwa chimene chathandiza.

Muziyang'ananso mzere wa odikira. Ngati ana ambiri aima kudikira nthawi yawo ndiye kuti gemu ikusewera ndi ochepa, ndipo odikirawo ndi amene amayamba kukankhana n'kukwera mitengo. Gawani magulu, ena ku chingwe, ena ku chigubu, ena ku ndodo, azisinthana mchenga wa m'chigubu choyezera nthawi ukatha. Zoti wolephera atuluke akakhale pansi ine sindizikonda, chifukwa amene amatuluka koyamba ndi yemweyo amene akufunika kuyeserera kwambiri. Bola athamange kukagunda mtengo uko n'kubwerera kudzalowanso.

Akazolowera afunseni anawo kuti tisinthe chani. Amabwera ndi nzeru zoti inu simunaganize, ena amati tidutse awiriawiri titagwirana manja, ena amati woponya aziwakha ndi dzanja limodzi. Lolani zonse kupatula zokweza mwana m'mwamba kapena zolemeretsa katundu wa pa chingwe, ziwiri zimenezo ndi za inu akuluakulu basi. Ndipo ngati muli aphunzitsi, tsiku lina bwerani ndi tepi ndi wotchi ya pa foni, ana a Sitandade 7 ndi 8 ayeze okha zingwe zija n'kuwerenga maulendo 10 a thumba kenako agawe ndi 10, aone ngati manambala ndalemba apawa akugwirizana ndi awo.

Mukaweruka masulani zingwe zonse n'kukazisunga, musasiye chingwe chikulendewera pa mtengo popanda wamkulu, ana aang'ono amadzikulunga nacho m'khosi posewera. Matayala aikeni pansi pa denga kapena abooleni kuti musamakhale madzi oswera udzudzu, makamaka kuyambira Novembala mvula ikayamba. Chingwe cha nayiloni chimafumbwa ndi dzuwa ndipo chimadyeka pamene chikukhudzana ndi nthambi, nde musanamange tsiku lililonse chipyoletseni m'manja kuyambira kumutu mpaka kumapeto, mukapeza pothetheka dulani pamenepo kapena pezani china, ndipo pa nthambipo kulungani kachidutswa ka chubu cha njinga kuti chingwe chisamapekeseke ndi khungwa.